Kangolo ka Gofu Pakati pa Chisanu

Kumwera kwa mzinda wa Atlanta, m'chigawo cha Georgia ku United States of America, kuli tauni yotchedwa Peachtree City. Tauniyi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1959, ndipo kalembera wa mu 2020 anapeza kuti mumakhala anthu oposa 38,000. Chimene chinaitchukitsa ndi tinjira take ta phula, timene tikaphatikizidwa pamodzi timapitirira mamailosi 100. Tinjirato timadutsa m'nkhalango, timalambalala nyanja zokumba, timakwera pa timilatho ndiponso timaloŵa pansi pa miseu ikuluikulu, ndipo m'menemo mumayenda tingolo ta gofu toposa 10,000.

Kangolo ka gofu ndi kagalimoto ka matayala anayi, kokhala ndi denga koma kopanda zitseko, kamene poyamba kanapangidwira kunyamula oseŵera gofu pamodzi ndi ndodo zawo pabwalo la maseŵerawo. Koma ku Peachtree City kanaleka kalekale kukhala chinthu cha chisangalalo chabe. Ophunzira a pa McIntosh High School amapita nako ku sukulu, makolo amapita nako kusitolo, ndipo okalamba ena amene anasiya kuyendetsa galimoto lalikulu amadalira kangolo komweka popita ku tchalitchi ndi kwa dokotala. Ngakhale makampani otchuka opanga tingoloti ali m'chigawo chomwecho. E-Z-GO inayamba mu 1954 ku Augusta, Club Car ili pafupi ndi mzinda womwewo, ndipo Yamaha imapanga take ku Newnan, mtunda waufupi kuchokera ku Peachtree City.

Vuto ndi lakuti kangoloka anakakonzera tsiku la dzuŵa, pamene Georgia ali ndi nyengo yozizira kuyambira Disembala kufikira Febuluwale, nthaŵi imene ku Malaŵi mvula imakhala ili pakati. M'mwezi wa Januwale kuzizira kwa usiku kumafika kaŵirikaŵiri pa 0°C, pamene madzi amayamba kuundana, ndipo zaka zina kumapyola pamenepo. Pa 28 Januwale 2014 chipale chofeŵa chosakwana mainchesi atatu chinatseka miseu ya Atlanta, kotero kuti anthu anagona m'magalimoto ndipo ana ena anagona m'masukulu. M'maŵa wa pa 24 Disembala 2022 mumzindawo munazizira kufika pa -13°C. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo chisanu chotere chimapeza munthu monga momwe aliri.

Tsono nyengo imeneyi ikayandikira, eni tingolo ambiri amathamangira kukagula matenti a pulasitiki okutira kangolo, zotenthetsera ndi mabulangete. Zinthuzi zilibe cholakwa, koma wozigula poyamba wayambira ntchito kumchira. Ndalama ndi nthaŵi ziyenera kupita choyamba ku batire, kenaka ku matayala ndi mabuleki, ndipo pambuyo pake m'pamene munthu aganize za kufunda. Pakuti kangolo kokutidwa mokongola kamene kazima pakati pa nkhalango dzuŵa litaloŵa, kali ndi nkhalamba m'kati mwake, ndiko chikomekome cha nkhuyu chija chimene akulu amanena.

Chifukwa choyambira ku batire n'chosavuta kuchimvetsa. Tingolo tambiri ta magetsi timayendera mabatire a mtovu ndi asidi, mtundu umene Gaston Planté wa ku France anautulukira mu 1859, womwewo umene aŵerengi amaudziŵa m'magalimoto ndi m'nyumba zoyatsa magetsi a sola. M'kangolo mumakhala mabatire angapo olumikizidwa mondondozana, monga mabatire 6 a ma volt 6 lililonse opereka ma volt 36, kapena mabatire 6 a ma volt 8 opereka ma volt 48. Mphamvu imene imalembedwa pa batire amaiyeza kunja kukutentha pafupifupi 27°C. Kukamazizira, madzi a asidi amayenda mochedwa ndipo ntchito ya pakati pa asidi ndi mtovu imachita ulesi. Pa 0°C batire limatha kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake, ndipo pa -18°C limatsala ndi pafupifupi theka. Motero munthu amene anazoloŵera kuyenda mamailosi 20 m'mwezi wa Julaye, umene kumeneko ndi mwezi wotentha, asayembekezere mtunda womwewo mu Januwale. Mphamvu yosoŵayo imabwerera ndithu kukafunda, koma ulendo wobwerera kunyumba sudikira kuti kufunde.

Choopsa kuposa pamenepa ndi kuundana. Batire likamagwira ntchito, asidi amaloŵerera m'mbale za mtovu, ndipo madzi otsala m'kati amayandikira pang'onopang'ono kukhala madzi wamba. Likatchajidwa, asidi uja amabwerera m'madzimo. N'chifukwa chake batire lodzaza siliundana ngakhale pa -50°C, pamene batire lakutheratu lingathe kuundana pa -7°C chabe. Madzi akaundana amatupa, ndipo potupapo amapinda mbale za mtovu ndi kung'amba chikuto cha batire. Pa usiku wonga uja wa Disembala 2022, tingolo tiŵiri ta mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi tikadatha kugona panja moyandikana, kena n'kudzuka kali bwinobwino, kena n'kudzuka mabatire onse atang'ambika. Kusiyana kwake kukadagona pa chinthu chimodzi chokha: ngati mwini wake analoŵetsa pulagi pakhoma madzulo kapena anati adzaona maŵa.

Ngakhale pamene batire silinaundane, kulisiya lakutha kumalikalambitsa msanga, pakuti mchere woyera umene umapangika pa mbale za mtovu umauma ndi kukanirira, ndipo suchokanso. Choncho lamulo loyamba la nyengo yozizira ndi kutchaja kangolo pa mapeto a ulendo uliwonse, ngakhale waufupi, ndiponso kutero pomwepo batire likadali lofunda ndi ntchito, chifukwa batire lozizira limalandira mphamvu mochedwa. Madzi oonjezera akhale otchezedwa, opanda mchere, ndipo athiridwe batire litadzaza, pokhapokha ngati mbale zaonekera poyera. Akathiridwa ochuluka lisanatchajidwe amasefukira. Akathiridwa kangolo n'kusiyidwa panja posakugwira ntchito, amayandama pamwamba pa asidi ndipo amayamba ndiwo kuundana. Mitu ya mabatire itsukidwe ndi kumangidwa bwino, popeza dzimbiri limaba mphamvu imene ili kale yochepa. Batire loundana lisatchajidwe konse, chifukwa lingathe kuphulika. Ndipo popeza mabatire ameneŵa amatulutsa mpweya wa hydrogen potchajidwa, mpweya umene suchedwa kuyaka, galaja likhale ndi poloŵera mphepo, ndipo moto kapena ndudu zisayandikire.

M'zaka zaposachedwa kwafala mabatire a lithium, amene ndi opepuka, safuna kuthiridwa madzi, ndiponso amasunga mphamvu bwinopo kukazizira. Ena amaganiza kuti akagula ameneŵa ndiye kuti athana nacho chisanu. Koma nawonso ali ndi chizimba chawo: satchajidwa kukazizira kupyola 0°C. Akakakamizidwa kutero, lithium amaunjikana ngati chitsulo m'kati mwa batire, ndipo chilema chimenecho sichipola. Mabatire opangidwa bwino ali ndi kachipangizo kamene kamakana kulandira magetsi kukazizira chotero, ndipo ena ali ndi chofunditsira chawochawo. Zotsatira zake n'zakuti munthu angathe kuloŵetsa pulagi usiku kangolo kali panja, nadzuka m'maŵa batire lisanalandire kanthu. Kotero batire latsopanoli likuphunzitsa zomwe lakale linaphunzitsa: kangolo kagone m'nyumba, ndipo katchajidwe kakangofika.

Tingolo toyendera petulo nato tili ndi mavuto ake. Oyilo amalimba kukazizira, kabatire koyatsira injini kamafooka, ndipo petulo wosakaniza ndi ethanol amakoka chinyezi akakhalitsa m'thanki. Mankhwala ake ndi oyilo woyenera nyengoyo monga buku la opanga likunenera, petulo watsopano, ndi kulola injini kulira kanthaŵi isanasenze katundu. Koma kulizako kuchitikire panja, osati m'galaja lotseka.

Batire likakhala bwino, maso aloze pansi. Mpweya wa m'tayala umanyala kukazizira. Tayala lopopedwa mapaundi 20 kunja kuli 25°C limataya pafupifupi mapaundi atatu kukafika pa 0°C, ngakhale lilibe pobooka paliponse. Tayala lofeŵa limakwekwereza, ndipo kukwekwerezako kumadya batire lomwe lija lataya kale gawo la mphamvu yake. Kuyeza mpweya m'maŵa, kangolo kasanayende, ndi ntchito ya mphindi ziŵiri.

Mabuleki ndiwo amafuna kulingalira mofatsa. Tingolo tambiri tili ndi mabuleki ku matayala am'mbuyo okha, n'topepuka, ndipo matayala ake anawapanga osakumba kwambiri kuti asaononge kapinga wa pabwalo la gofu. Pa madzi oundana zonsezi zimasanduka adani. Woyendetsa akaponda buleki mwadzidzidzi, matayala am'mbuyo amagwira, ndipo kangolo kamatembenuka kuyang'ana kumene kachokera. Timilatho timayamba kuundana njira isanaundane, chifukwa mphepo yozizira imatiomba pamwamba ndi pansi pomwe. Malo a mthunzi wa mitengo amasunga madzi oundana mpaka dzuŵa litakwera, ndipo masamba onyowa amaterera ngati therere. Mu 1998 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamseu, la NHTSA, linalamula kuti timagalimoto tothamanga pakati pa mamailosi 20 ndi 25 pa ola tikhale ndi nyali, magalasi oonera m'mbuyo, galasi la kutsogolo ndi malamba a pampando. Kangolo wamba ka gofu, kamene sikapyola mamailosi 20 pa ola, sikakhudzidwa ndi lamulo limeneli, kotero tambiri tilibe malamba. Kakatembenuka mwamphamvu, wokwera amaponyedwa kunja. Kuthamanga sikufika. Pa tsiku lozizira woyendetsa wanzeru amachepetsa liŵiro asanafike pokhota, amaponda buleki pang'onopang'ono, ndiponso amaonetsetsa kuti nyali zake zikuyaka, pakuti mu Disembala dzuŵa limaloŵa cha m'ma 5:30 madzulo ku Atlanta.

Zimenezi zikalongosoka, tsopano nkhani ya kufunda ingathe kukambidwa. Mdani wamkulu wa wokwera ndi mphepo imene kangolo kamadzipangira kokha poyenda. Kunja kukakhala 0°C, kangolo n'kumathamanga makilomita 25 pa ola, khungu la munthu limamva ngati kuli -6°C. Choncho galasi la kutsogolo ndi tenti yokuta m'mbali zimachotsa gawo lalikulu la vutoli popanda kudya mphamvu ina iliyonse. Komabe tentiyo ili ndi msampha wake. Pulasitiki yoonekera imauma kukazizira ndipo imathyoka ikapindidwa mokakamiza. Mpweya wa m'kamwa mwa okwera umaichititsa nkhungu, kotero kuti woyendetsa saona bwino za m'mbali pamene kanjira kakudutsa mseu wa magalimoto. Kusiya mpata waung'ono woti mphepo idziloŵa ndi kukhala ndi kansalu kopukutira n'zofunika monga tenti yeniyeniyo.

Pambuyo pa kutchinga mphepo, nzeru ndi kufunditsa munthu m'malo mofunditsa mpweya. Zovala zingapo zovalidwa mophatikiza zimasunga kutentha kuposa chijasi chimodzi chochindikala. Magolovesi, chipeŵa chophimba makutu ndi bulangete la pamiyendo, lopindidwa bwino kuti lisakole popondera, zimagwira ntchito yaikulu pa mtengo wochepa. Chofunditsira cha pampando chimadya ma watt makumi angapo okha, pamene chotenthetsera mpweya cha magetsi chimadya mazanamazana, ndipo chimawatenga ku batire lomwe lija liyenera kufikitsa munthu kunyumba. Kuyesa kutenthetsa mpweya m'tenti ya pulasitiki yopyapyala kuli ngati kutungira madzi m'dengu.

Choipitsitsa pa zonse ndi kachitofu ka gasi kamene kamagulitsidwa kuti kaikidwe pamalo oikapo kapu, pafupi ndi chiongolero. Kamatenthadi, ndipo n'chifukwa chake kamakondedwa. Koma ndi moto woyaka m'kati mwa tenti ya pulasitiki, pa chinthu choyenda ndi kugwedezeka, pafupi ndi mabulangete ndi manja a ana. Ndiponso moto ukasoŵa mpweya wokwanira umatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu, umene umamatirira m'magazi mwamphamvu koposa ka 200 kuyerekeza ndi mpweya wabwino. Munthu amayamba ndi mutu, kenaka chizungulire ndi tulo, ndipo ngati ali pa chiongolero ngozi imafika poizoniyo asanamalize ntchito yake. Aŵerengi amene anamvapo za mabanja ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka m'mwezi wa Juni akudziŵa kale mmene mpweya umenewu umaphera. Ku Texas, pa chisanu choopsa cha mu Febuluwale 2021, boma la chigawocho linaŵerenga anthu 246 amene anafa, ndipo ena mwa iwo anaphedwa ndi mpweya womwewu pofuna kudzifunditsa ndi makala m'nyumba kapena ndi injini yoliza m'galaja. Moto ndi tenti yotseka siziyenera kukhala pamodzi, ndipo amene waumirira kachitofuko atsegule mbali imodzi ndi kukazimitsa asanayambe kuyenda.

Alipo amene anganene kuti zonsezi n'kudzivuta, kuti kukazizira kangolo kangotsekeredwa m'galaja munthu n'kutenga galimoto. Mau ameneŵa ali ndi choonadi chake. Pa tsiku limene tinjira taundana, kangolo kakhaledi pakhomo, ndipo palibe tenti kapena batire limene lingasinthe zimenezo. Ngakhale mabwalo a gofu amachedwetsa maseŵera m'maŵa wa chisanu, chifukwa kapinga woundana amathyoka akapondedwa ndipo pambuyo pake amaonetsa mizere yofiirira ya matayala. Koma ku Georgia masiku a madzi oundana ndi oŵerengeka, pamene masiku ozizira chabe ndi ochuluka. Kwa wophunzira amene alibe galimoto, kapena kwa gogo amene maso ndi miyendo sizimlolanso kuloŵa mumseu waukulu, kutsekera kangolo miyezi itatu ndiko kukhala miyezi itatu yopemphapempha kwa ena. Ndiponso kangolo kotsekeredwa sikamasula mwini wake ku udindo, pakuti batire la mtovu limataya mphamvu pang'onopang'ono ngakhale lili chikhalire, ndipo loiŵalidwa nyengo yonse limadzapezeka litafa.

Enanso anganene kuti kwa okalamba kufunda si chinthu chodikira, popeza thupi lokalamba limataya kutentha msanga ndipo nthaŵi zina mwini wake sazindikira. Izinso n'zoona, ndipo ndizo zikulimbitsa mfundo ya nkhani ino. Gogo wovala bwino amapirira mphindi khumi za ulendo popanda vuto. Chimene sangapirire ndi ola lathunthu ali chiimire m'nkhalango chifukwa chotenthetsera chamaliza batire. Kwa munthu wotere ulendo ukhale waufupi, uchitike masana dzuŵa lili pamutu, foni ikhale yodzaza m'thumba la m'kati mwa chovala mmene muli mofunda, ndipo wina pakhomo adziŵe kumene wapita ndi nthaŵi yobwerera.

Ogulitsa tingolo ali ndi mbali yawo pa nkhaniyi. N'kosavuta kuonetsa wogula tenti yonyezimira kusiyana ndi kumuphunzitsa za asidi ndi mtovu, koma wogulitsa woona mtima ayenera kufunsa zaka za mabatire asanatchule mtengo wa chotenthetsera. Makolo nawonso asapereke kiyi kwa mwana asanamuonetse mmene kangolo kamachitira pa malo oterera. Zambiri mwa zimenezi ndi sayansi yomwe wophunzira wa sekondale amakumana nayo m'kalasi: kuti madzi amatupa akaundana, kuti mpweya umanyala ukazizira, kuti moto umadya mpweya wa m'chipinda. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amazilemba bwino pa mayeso, koma osazikumbukira pamene aima pafupi ndi kangolo kawo.

Choncho mwini kangolo amene akufuna kuti kam'tumikire mokhulupirika m'nyengo yozizira sasoŵa chuma chambiri. Madzulo aliwonse akaloŵetse m'galaja ndi kukatchaja. Kamodzi pa mwezi ayang'ane madzi ndi mitu ya mabatire. M'maŵa wozizira ayeze matayala, ayese mabuleki ndi nyali asanatuluke pachipata, ndipo aŵerengere ulendo wake ngati kuti batire lili ndi magawo atatu okha mwa anayi. Akatero agule tenti, avale zofunda, moto ausiye kukhitchini. Ndipo tsiku limene kanjira kakunyezimira ndi madzi oundana, avomereze kuti kangolo anakapangira kapinga ndi dzuŵa, ndipo ulendo umenewo audikiritse.